Kochi wamuchotsa pa linebacker n'kumuika pa safety: kodi mwayi wa koleji watha?

Funso

Ndimakhala ku Indiana, ku America. Mwana wanga wachisamba, wazaka 16, amasewera mpira wa kuno uja wovala zisoti. Kwa zaka ziwiri wakhala akusewera malo otchedwa linebacker, koma chaka chino kochi wamubweza kumbuyo kuti azisewera safety, akuti thupi lake n'lopepuka. Mwanayo wakhumudwa kwambiri, akuti palibe koleji imene idzamutenge. Akudya ngati wamva kuti kukubwera njala, ndipo akundikakamiza kuti ndimugulire maufa onenepetsa. Ine ndinakulira mpira wamiyendo, izi ndikamaonera ndimangoona anthu akugundana. Kodi linebacker amakula bwanji mpaka kukasewera ku koleji? Ndimusinthe sukulu?

Yankho

Bambo, musamusinthe sukulu, ndipo ndalama za maufazo ziyambe zakhala m'thumba. Koma mwana wazaka 16 amene wakhumudwa samva yankho lalifupi, ndiye ndikupatsani lalitali, kuti mukakhala naye pansi mukhale ndi zomuuza zoposa "limba mtima". Ndaphunzitsako anyamata a msinkhu wakewu kwa zaka zingapo, mbali ya otchinga, ndipo nkhope imene akukuonetsaniyo ndimaidziwa.

Kugundana mukukuonaku kuli ndi dongosolo lake. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11 m'bwalo. Imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti iyende mayadi 10. Ikakwanitsa imapatsidwa ina inayi, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Timu yotchinga imaima m'mizere itatu. Kutsogolo kumakhala zimphona za makilogalamu 120, 130 kapena kuposa, zolimbana ndi zimphona zinzawo. Kumbuyo kwenikweni kumakhala anyamata aliwiro, ma cornerback ndi ma safety, olondera anthu amene athamangira kukawakha mpira. Pakati pa mizere iwiriyi, mayadi anayi kapena asanu kuchokera pamene pali mpira, ndi pamene pamaima ma linebacker. Inu a mpira wamiyendo, ganizirani nambala 6 wabwino. Sagoletsa kawirikawiri, koma amadziwa kumene mpira ukupita usanamenyedwe, amatseka mipata, ndipo ndi amene amakalipira anzake kuti aime bwino.

Mwachizolowezi amakhala atatu, ndipo ali ndi mayina awo: Mike pakati, Sam kumbali imene adani achulukitsa anthu, Will kumbali inayo. Mike ndiye nyakwawa. Amalandira chizindikiro kuchokera kwa makochi n'kuuza anzake poima, ndipo adani akasintha kaimidwe iye amasinthanso pompo, mokuwa, m'bwalo la anthu 60,000 amene akukuwanso. Funso lake lalikulu ndi limodzi, ndipo limabwera pa sewero lililonse: kodi quarterback, mtsogoleri wa timu imene ili ndi mpira, apereka mpira m'manja mwa wothamanga, kapena auponya? Akapereka, linebacker athamangire kutsogolo kukatseka mpata. Akaponya, abwerere m'mbuyo kukalondera dera lake. Nthawi yosankhira siikwana sekondi imodzi, ndipo adani amachita dala zomunamiza. Sitepe imodzi yolakwika, mpira wadutsa kale pamwamba pa mutu wake.

Ndikufuna mumuuze nkhani ya Luke Kuechly. Dzinalo mwina akulidziwa, koma chiyambi chake ndikukayika. Kuechly anabadwa mu 1991 ku Cincinnati, m'chigawo cha Ohio, choyandikana ndi kwanuko. Anaphunzira pa St. Xavier High School, sukulu ya Akatolika ya anyamata okhaokha. Mu 2007 timu ya sukuluyo inapambana masewero onse 15 n'kutenga chikho cha chigawo, iye akusewera linebacker. Chaka chotsatira, chomaliza chake, makochi anamusunthira kumbuyo kumasewera ngati safety. Mwamva? Zomwe zachitikira mwana wanuzi. Anali wamtali koma wosajintcha, wovala magalasi a maso akakhala kunja kwa bwalo, woti mukakumana naye mumsewu mungati ndi kalaliki wa ku banki. Makampani amene amayeza ana a sekondale n'kuwapatsa nyenyezi anamupatsa zitatu mwa zisanu, kutanthauza mwana wabwino koma wosadabwitsa. Mayunivesite otchuka kwambiri pa mpira sanamuthamangire. Amene anamufuna anali monga Duke, Virginia, Stanford ndi Boston College, ndipo anasankha Boston College.

Ku koleji mwana wongofika kumene kawirikawiri sasewera. Malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, ankapatsa wosewera zaka zisanu zoti asewere masizoni anayi, ndiye makochi ankakonda kusunga mwana chaka choyamba: azikonzekera nawo, azinyamula zitsulo, aziloweza buku la masewero, koma Loweruka azingoonera. Amati redshirt. Kuechly akanatha kudutsa njira imeneyo, koma tsoka la anzake linamutsegulira khomo. Mark Herzlich, linebacker amene mu 2008 anasankhidwa kukhala wotchinga wabwino koposa mu ligi yawo ya ACC, anapezeka ndi khansa ya m'mafupa yotchedwa Ewing's sarcoma mu May 2009. Mike McLaughlin, mkulu wina pa malowo, anali ataduka mtsempha wa kuchidendene. Kochi Frank Spaziani, amene naye chinali chaka chake choyamba kutsogolera timuyo, anayang'ana otsala. Mnyamata wazaka 18 wa jezi nambala 40 analowa m'bwalo.

Sizoni imeneyo anagwetsa adani ka 158. Mu 2010, atamuika pakati ngati Mike, anagwetsa ka 183, kuposa wina aliyense m'dziko lonse. Mu 2011 anagwetsa ka 191 m'masewero 12 okha, pafupifupi ka 16 tsiku lililonse losewera. Zonse pamodzi 532 m'zaka zitatu. Kuti mumvetse kukula kwake, linebacker akagwetsa ka 10 tsiku limodzi amakagona tulo tabwino. Kuechly anachita zimenezo masewero 33 otsatizana. Tsiku limene ndondomekoyo inaduka linali la masewero ake omaliza ku koleji, ku Miami, ndipo tsikulo anawakha mpira wa adani n'kuthamanga nawo mayadi 45 mpaka kukagoletsa, timu yake n'kupambana 24-17. Chaka chimenecho anasesa mphoto: ya Butkus, imene imapita kwa linebacker wabwino koposa m'makoleji onse, ya Nagurski, ya Lombardi ndi ya Lott. Herzlich uja, tinene, anachira, anabwerera mu 2010 kudzasewera pambali pa mwana amene analowa m'malo mwake, kenako ali ku timu ya New York Giants anakatenga Super Bowl, chikho chachikulu cha NFL, ligi ya akatswiri olipidwa.

Nanga mwana wa nyenyezi zitatu ankafika bwanji pa mpira nthawi zonse? Maso, Bambo. Wongoyamba kumene amayang'ana mpira, ngati momwe mumachitira inu mukakhala pa sitandi. Koma mpira ndi wabodza. Quarterback amatha kuulowetsa pamimba pa wothamanga n'kuutulutsanso, wothamangayo n'kupitiriza atapinda manja ngati wanyamula kanthu. Amene sanama kawirikawiri ndi ma guard, zimphona ziwiri zoima kumanja ndi kumanzere kwa munthu woyambitsa mpira. Sewero likangoyamba, guard akalumphira kutsogolo chisoti chili pansi, ndiye kuti akufuna kukankha munthu: athamanga. Akadzuka n'kubwerera m'mbuyo chisoti chili m'mwamba, manja ali pachifuwa: aponya. Akachoka pamalo pake n'kudutsa kuseri kwa anzake kuthamangira kumbali, mutsatire, akukutengera kumene mpira ukupita. Ndipo thupi limaulula ngakhale sewero lisanayambe. Guard wofuna kulumphira kutsogolo amatsamira dzanja limene waika pansi mpaka mitsempha ya padzanjapo kuonekera. Wofuna kubwerera amangokhudza udzu ndi nsonga za zala, kulemera konse kuli kuzidendene. Wothamanga akaima kumbuyo pang'ono kuposa masiku onse, pali chifukwa. Kuwonjezera apo linebacker amakhala akuwerenga m'mutu: uwu ndi mpata wachitatu, atsala ndi mayadi asanu ndi awiri, ndipo timu imeneyi ikafika pamenepa ndi kaimidwe aka, kambiri imaponyera munthu uja wa kumanzere.

Ndi bawo iyi. Katswiri wa bawo sadikira kuona kumene nkhomo za mnzake zikathere. Anawerenga kale mnzakeyo asanatape. Ndipo kuwerengako kumaphunziridwa m'chipinda chamdima, pa vidiyo, kubweza sewero limodzi kasanu, kakhumi, kuyang'ana phazi la munthu mmodzi. Kuechly anatchuka ndi zimenezi kuposa china chilichonse. Atafika mu NFL, adani ankadandaula kuti amatchula sewero lawo mokweza iwo asanaliyambe. Mwini wakeyo anafotokozapo kuti ankaonera ngakhale zojambula za pa TV, chifukwa m'menemo mumamveka mawu amene quarterback amakuwa posintha sewero, iye n'kumawasunga. Akawamvanso Lamlungu, anali atadziwa kale.

Chodabwitsa n'chakuti linebacker wodziwa amaoneka ngati waulesi pa theka la sekondi loyamba. Amaponda timasitepe tiwiri tating'ono pamalo pomwepo, maso ali pa guard. Wosadziwa amakhala atauluka kale, ndipo makolo pa sitandi amamuombera m'manja kuti ndi wakhama, osaona kuti wauluka kolakwika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa malo amenewa mwambiwu uyenera kulembedwa m'kati mwa chisoti.

Tsopano onani chimene kochi wapatsa mwana wanu, kaya mwadala kaya mwangozi. Linebacker ali pafupi kwambiri ndi mzere, amaona ngati munthu wosuzumira pazenera. Safety amaima mayadi 10 kapena 12 kumbuyo ndipo amaona adani onse 11, momwe aimira ndi amene wasuntha. Kumeneko amaphunzira zinthu zimene ma linebacker ambiri amafika ku koleji asakuzidziwa: momwe owakha mpira awiri kapena atatu amalukira njira zawo kuti asokoneze wolondera mmodzi, kuthamanga chobwerera m'mbuyo maso ali kutsogolo, kutembenuza chiuno osataya liwiro, ndiponso kugwetsa munthu poyera, pamene palibe wokuthandiza ndipo ukamuphonya ndi chigoli basi. Mpira wa ku koleji wamasiku ano ukufuna zimenezi. Matimu amamwaza owakha mpira atatu kapena anayi m'lifupi lonse la bwalo, amasewera mothamanga osapumira, ndipo otchinga ambiri amachotsa linebacker mmodzi n'kuikapo wolondera wachisanu. Awiri otsalawo ayenera kukhala anthu otha kuthamanga phazi ndi phazi ndi tight end, chimphona cha kumapeto kwa mzere chimene chimawakhanso mpira, kapena running back, wothamanga ndi mpira uja. Chimunthu cha makilogalamu 115 chongodziwa kugunda kutsogolo, chimene zaka 30 zapitazo chinali mfumu, lero adani amachisaka dala.

Si Kuechly yekha anadutsa njira imeneyi. Brian Urlacher ku University of New Mexico ankasewera malo osakaniza safety ndi linebacker amene ankawatcha Lobo. Chicago Bears inamutenga mu 2000, n'kukhala mzati wa pakati pa otchinga awo masizoni 13. Kwanu komweko, ku Notre Dame ku South Bend, kunali Jeremiah Owusu-Koramoah, amene bambo ake ndi a ku Ghana. Zaka ziwiri zoyamba sanasewere kwenikweni, chaka choyamba anali wosungidwa, chachiwiri anathyoka phazi. Kenako anamuika pa malo otchedwa rover, theka safety theka linebacker, ndipo mu 2020 anatenga mphoto ya Butkus akulemera makilogalamu pafupifupi 100.

Ndisakunamizeni kuti aliyense ankamugwadira Kuechly. Manambala a ma tackle, kugwetsa adani kuja, ndi oterera. Amawerenga ndi munthu wokhala m'chipinda cha pamwamba pa bwalo, woikidwa ndi eni bwalo, ndipo anthu atatu akaunjikana pa mdani mmodzi ndi iyeyo amasankha wolembedwa. Komanso timu yofooka imakhalitsa m'bwalo ikutchinga, ndiye mipata yogwetsa imachuluka, ndipo mu 2011 uja Boston College inapambana masewero 4 okha n'kugonja 8. Otsutsa ankati mnyamatayo amagwetsa munthu atayenda kale mayadi asanu, ndiponso kuti alibe liwiro la NFL. Pa mfundo yoyambayo ndimawamva pang'ono, chifukwa kugwetsa kamodzi pa mpata wachitatu adani atatsala ndi yadi imodzi kumaposa kugwetsa kanayi pakati pa bwalo. Mwana wanu asamadziyeze ndi nambala imeneyi. Koma mu 2010 Boston College inali timu yovuta koposa m'dziko lonse kuidutsa pothamanga ndi mpira, ndiye sikuti ankangotola zotsala. Za liwirozo anawatseka pakamwa ku Indianapolis, kumene amayesa anyamata ofuna kulowa NFL. Mu February 2012, wamtali mamita 1.91, wolemera makilogalamu 110, anathamanga mayadi 40 m'masekondi 4.58. Carolina Panthers inamutenga pa nambala 9 mu draft ya chaka chimenecho, mwambo umene matimu a NFL amasankhira osewera atsopano mosinthana. Anayambira kumbali chifukwa pakati panali Jon Beason. Beason atavulala analowa pakati, ndipo sanachokeponso. Mu 2012 anasankhidwa kukhala wotchinga watsopano wabwino koposa, mu 2013 wotchinga wabwino koposa mu ligi yonse, ali ndi zaka 22.

Tibwere ku nkhani ya thupi. Kuechly anafika ku koleji akulemera pafupifupi makilogalamu 100, n'kutuluka ndi 110. Makilogalamu 10 m'zaka zitatu, pansi pa akatswiri a zolimbitsa thupi amene ntchito yawo ndi imeneyo chaka chonse. Mwana wanu akufuna kuchita zimenezo m'miyezi itatu ali kukhitchini kwanu. Ine ndinalakwitsapo pa nkhani yomweyi. Ndinali ndi mnyamata wa maso akuthwa, wopepuka ngati wanuyu, ndipo ndinamuuza ndi pakamwa panga kuti akabwere mu August atawonjezera makilogalamu 10. Anamvera. Atakwera pa sikelo tonse tinamuombera m'manja. Masewero achiwiri a sizoni ndinamuona akuwerenga sewero molondola, akutembenukira kolondola, n'kufika mochedwa ndi sitepe imodzi, zala zikungopalasa jezi ya mdani. Kanayi tsiku limodzi. Mutu unali ukadali wake uja, miyendo ndinali nditamulanda ine. Sizoni inatha tikuyesa kubweza chimene ndinaononga.

Pa zaka 16 thupi likadakula, mapewa sanamalize kutambasuka. Makochi a ku koleji amadziwa zimenezi. Amayang'ana kutalika, mafupa, kutalika kwa manja ndi liwiro, chifukwa nyama amadziwa kuiika okha, pamene liwiro ndi maso n'zovuta kupatsa munthu. Azinyamula zitsulo moyang'aniridwa, azigona maola asanu ndi atatu kapena kuposa, ndipo adye chakudya chenicheni: nsima kapena mpunga, nyemba, mazira, nkhuku, nsomba, chiponde, mkaka, masamba. Mphika wa amayi ake ndi wokwanira. Maufa aja ku America safufuzidwa ndi boma asanafike m'sitolo ngati momwe zimakhalira ndi mankhwala a kuchipatala, ndipo ena apezekapo ndi zinthu zimene NCAA inaletsa. Wosewera akapezeka nazo m'thupi, mawu akuti "sindinkadziwa" samupulumutsa.

Chimene chingamutsekere khomo msanga kuposa sikelo ndi lipoti la kusukulu. Wofuna kusewera Division I, gawo lapamwamba la masewero a m'makoleji, amalembetsa ku NCAA Eligibility Center, ndipo ayenera kumaliza maphunziro 16 ovomerezeka a ku sekondale ndi GPA, avareji ya magiredi ake, yosachepera 2.3 pa maphunzirowo. Amenewo ndi malire a pansi chabe. Masukulu amene anafuna Kuechly, Stanford ndi Duke aja, satenga mwana wongodutsa mokwawa. Kochi akakhala ndi anyamata awiri ofanana m'bwalo amatenga amene sadzamupatsa mutu ndi za m'kalasi. Pambuyo pa lipoti pamabwera vidiyo, ya mphindi zitatu kapena zinayi, masewero abwino koposa ali koyambirira, chifukwa kochi wotanganidwa saonera mpaka kumapeto. Masukulu ambiri amaika zojambula zawo pa webusaiti yotchedwa Hudl, mwana amadula yekha. Vidiyo yoonetsa munthu akugunda ngati linebacker chaka chatha ndi kulondera ngati safety chaka chino ndi yokoma kuposa ya malo amodzi. Mu June mayunivesite amachititsa makampu, kumene makochi amaona mwana ndi maso awo. Musankhe a masukulu amene angamutengedi, osangothamangira mayina akuluakulu. Khalil Mack anasewera sizoni imodzi yokha yeniyeni ku sekondale ku Florida, anatengedwa ndi University at Buffalo, sukulu yosatchuka pa mpira, anakhala chaka cha redshirt, ndipo mu 2014 Oakland Raiders inamutenga pa nambala 5.

Komabe tiwerengere bwino. Anyamata pafupifupi 1 miliyoni amasewera mpirawu ku sekondale. Nthawi ya Kuechly timu iliyonse ya pamwamba penipeni inkaloledwa masikolashipu 85 okha. NFL ili ndi matimu 32, ndipo draft imatenga anthu ongopitirira pang'ono 250 pachaka. Pansi pa matimu a pa TV aja pali magawo ena monga FCS, Division II, Division III imene ilibe sikolashipu ya masewero, NAIA ndi makoleji a zaka ziwiri, ndipo konseko kukuseweredwa mpira wabwino. Kuyambira 2021 osewera a ku koleji amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, koma zochuluka zimapita kwa ochepa. Kwa ambiri phindu lenileni ndi digiri yotsika mtengo kapena yaulere, imene amailipira ndi kudzuka mbandakucha kupita ku jimu, makalasi, misonkhano ya vidiyo, kukonzekera m'bwalo, usiku kuwerenga. Kuechly mwiniyo, atachoka zaka zitatu zitakwana, anabwerera kukamaliza digiri yake.

Pali mbali imene anyamata safuna kumva, ndipo mukanakhala simunafunse n'komwe ndikanakuuzanibe. Linebacker amagundana pafupifupi pa sewero lililonse, ndi pokonzekera pomwe. Chisoti chimateteza chigaza kuti chisasweke, koma ubongo uli m'katimo umagwedezekabe ngati madzi m'ndowa. Kuechly anavulala motero mu 2015, mu 2016 ndi mu 2017. Pa 17 November 2016, timu yake ikulimbana ndi New Orleans Saints, anamutulutsa m'bwalo pa kangolo akulira, akupuma mobanika, dziko lonse likuonera pa TV, ndipo sanasewerenso sizoni imeneyo. Mu January 2020 anasiya mpira ali ndi zaka 28, akadali pakati pa abwino koposa. Chris Borland, linebacker wochokera ku Wisconsin, anasewera sizoni imodzi yokha ku San Francisco 49ers n'kusiya mu 2015 ali ndi zaka 24, chifukwa choopa za ubongo wake. Junior Seau, mmodzi wa akuluakulu a malowa, anadzipha mu 2012 ali ndi zaka 43, ndipo madokotala atapima ubongo wake anapeza matenda a CTE, amene amagwirizana ndi kugundidwa m'mutu mobwerezabwereza.

Sindikunena kuti mumuletse. Chisankho chimenecho n'chanu ndi amayi ake, ndipo sindingadzudzule kholo losankha mbali iliyonse. Koma ngati akusewera, muonetsetse kuti akugwetsa nkhope ili m'mwamba, akugunda ndi phewa, mutu uli kumbali kwa mdani, manja n'kukulunga miyendo. Wogunda ndi nsonga ya chisoti amaika khosi lake pachiswe, ndipo ku koleji kuyambira 2013 amatulutsidwa m'bwalo. Safety amabwera kuchokera kutali ali pa liwiro lonse, ndiye kugunda kwake kumakhala kochepa pa chiwerengero koma kolemera. Akabwera kunyumba akudandaula mutu, chizungulire, nseru, kudana ndi kuwala, kuiwalaiwala, kapena akupsa mtima msanga kuposa masiku onse, apite kwa dokotala, ndipo asabwerere m'bwalo dokotalayo asanalole. Zigawo zonse za America zili ndi malamulo a zimenezi pa masewero a ana asukulu, koma lamulo silingaone chimene mwana wabisa, ndipo amabisa, makamaka amene akuganiza kuti malo ake ali pangozi ngati wanuyu. Kugundidwa kachiwiri koyambako kusanapole ndiko koopsa kwambiri. Inu mumamuona pa tebulo madzulo, kochi samuona.

Lachisanu likubwerali mukakhale pamwamba penipeni pa sitandi, ndipo muyese kwa mphindi khumi zokha kusayang'ana mpira. Yang'anani mwana wanu sewero lisanayambe: akulankhula ndi anzake? Akuloza? Kenako yang'anani masitepe ake awiri oyamba, ngati apita kumene mpira wakathera kapena wayamba wapita kwina n'kubwerera. Loweruka m'mawa mutsegule naye vidiyo ya timu imene akumana nayo sabata yamawa. Muziimitsa sewero lililonse lisanayambe n'kumufunsa kuti athamanga kapena aponya, kumanja kapena kumanzere, ndipo waonera chiyani. Simufunika kudziwa yankho, vidiyoyo ikuuzani. Muzilemba papepala zimene walondola pa masewero 20, sabata ndi sabata.

Kwa kochi apite yekha, inu musamuperekeze. Asakafunse chifukwa chimene anamuchotsera. Akafunse kuti pa safety aziyang'ana ndani mpira usanayambe, ndiponso ngati pa mipata yofupika angamamuyandikitseko ku mzere kuti asaiwale za linebacker. Makochi amene ndimawadziwa ine, mwana akabwera ndi funso lotere, amakoka mpando wachiwiri n'kuyatsa vidiyo.